Njira Yowonongera Kagalu ka Dachshund

Kuti galu wa mtundu wa dachshund afe miyendo yakumbuyo asanakalambe, sipafunika munthu wankhanza. Ambiri amene amamufikitsa pamenepo ndi anthu omukonda, amene amagona naye m'nyumba, kumugulira bulangete lakelake ndi kumutchula "mwana wanga" pamaso pa alendo. Njira yake ndi yomweyo kaya ku Munich, ku Manchester, ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, ndipo ndiiyala pano monga malangizo, kuyambira tsiku logula. Ndikutero chifukwa zimandiwawa kuona galu wolimba mtima chotere akuvutika ndi zinthu zimene mwini wake ankaziyesa chikondi. Munthu sangapatuke pa njira yolakwika ngati sanauzidwepo mmene imaonekera.

Yambani ndi kusafuna kudziwa chimene galuyu adawetedwera. Muoneni ngati chidole cha miyendo ifupiifupi ndi thupi lalitali, chongoyenera kujambulidwa. Musalabadire zoti alenje a ku Germany ndiwo adamusankha mbadwo ndi mbadwo mpaka atakhala chonchi, kuti azilowa mu una wa nyama yaukali yofanana ndi chiuli, n'kumauwa pansi pa nthaka mpaka mlenje atamva pamene ali n'kuyamba kukumba. Mapazi akutsogolo otambalalawo ndi okumbira. Mawu aakulu osalingana ndi msinkhu wake ndi oti azimveka kuchokera m'dzenje. Ndipo galu amene ali yekhayekha mumdima, maso ndi maso ndi nyama yomuposa kulemera, sadikira kuti mbuye wake amuuze chochita. Amaganiza yekha. Bungwe la Deutscher Teckelklub, limene lidakhazikitsidwa mu 1888, likuyesabe agaluwa pa ntchito za ulenje mpaka lero. Mukaiwala zonsezi, kuuwa kwake, kufukula kwake m'maluwa ndi liuma lake mudzaziyesa mwano wofunika chikwapu, chonsecho ndi ntchito imene adabadwira.

Kenako gulani mwachangu. Onani chithunzi pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, tumizani ndalama, mukalandirire kagaluko pamalo oimika magalimoto. Musapemphe kuona mayi wake. Wogulitsa akanena kuti kali ndi masabata 6 koma kayamba kale kudya kokha, vomerani, ngakhale kuti masabata otsatirawo ndi amene kagalu kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma kumapweteka. Ku England kagalu kosakwana masabata 8 sikaloledwa kugulitsidwa, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 lamulo lotchedwa Lucy's Law lidaletsa amalonda apakati kugulitsa tiagalu tosakwana miyezi 6. Wogula amayenera kupita kwa woweta mwiniwake kapena kumalo osungirako agalu osowa pokhala. Lamuloli lidabwera chifukwa cha makola amene agalu aakazi amaswetsedwamo mosapuma mpaka thupi litatha, ndipo makola otere ndi amene ndalama yanu imalemeretsa mukagula osaona.

Posankha, tsatani mtundu wa ubweya. Funani kamawangamawanga koyera mbali zambiri, ka maso abuluu, kamene wogulitsa akukatcha kosowa ndi kukaikira mtengo wokwera. Mawanga otchedwa dapple amachokera ku chibadwa chimene sichivuta kwenikweni chikachokera kwa kholo limodzi. Koma akakweretsa agalu awiri a mawangawa, mwana aliyense amakhala ndi mpata umodzi mwa 4 wotenga chibadwacho mbali zonse ziwiri, ndipo ana otere ndi amene amabadwa ogontha, a maso aang'onoang'ono, ena opanda maso n'komwe. N'chifukwa chake Kennel Club ya ku Britain imakana kulembetsa ana a makolo awiri a dapple. Mitundu yotuwa yotchedwa blue ndi isabella nayo imagulidwa modula, koma agalu ambiri a mitunduyi ubweya umawathothoka ndipo khungu limawavuta moyo wonse. Mukatha za mtundu, sankhani kamene kali ndi thupi lalitali kwambiri ndi miyendo yaifupi kwambiri. Kafukufuku wa Royal Veterinary College wa mu 2013 adapeza kuti msana ukatalika kwambiri poyerekeza ndi msinkhu, ngozi ya matenda a msana imakwera.

Za msanawo musafunse chilichonse, pakuti funso limenelo ndi limene likadakupulumutsani pa zambiri. Pakati pa mafupa a msana pali timadisiki, tolimba kunja koma tofewa mkati, timene timalandira kugwedezeka kwa thupi kuti mafupa asamagundane. Mwa agalu ambiri timadisikiti timakalamba pang'onopang'ono limodzi ndi galuyo. Mwa dachshund timayamba kuuma kagalu kasanathe n'chaka chomwe. Zamkati zija zimalimba, chikopa chakunja chimayamba ming'alu, ndipo tsiku lina, kawirikawiri galu ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 7, disiki imodzi imaphulika n'kuponyera zouma zija mmwamba, mmene mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi miyendo. Dokotala wa ziweto wa ku Stockholm, Hans-Jörgen Hansen, adafotokoza kuphulika kwa mtunduwu mu 1952, ndipo madokotala amakutchulabe ndi dzina lake. Matendawo amadziwika ndi zilembo zoti IVDD. Mu 2017 akatswiri a ku University of California ku Davis adapeza kuti gwero lake ndi kachidutswa kowonjezera ka chibadwa kotchedwa FGF4, ndipo pafupifupi dachshund aliyense ali nako. Mawerengedwe amasiyana, koma ambiri amafika poti galu mmodzi mwa 4 kapena 5 a mtunduwu adzadwala msana m'moyo wake.

Tanthauzo lake n'lakuti kagalu kamene mwanyamula m'manjako kabwera kale ndi chofooka chake, ndipo si inu mwachiyambitsa. Koma chofookacho sichifanana m'mabanja onse a agalu. Ku Denmark, ku Norway ndi ku Finland oweta amajambulitsa ekisire ya msana galu ali ndi zaka zapakati pa 2 ndi 4, n'kuwerenga madisiki amene auma, kuti agalu okhala ndi ambiri asaswetsedwe. Woweta wosamala amatha kukuuzani za msana wa mayi, wa bambo ndi wa agogo a kagalu kanu. Kuti zinthu zilakwike bwinobwino, musamufunse zimenezo, ndipo akati agalu ake onse ndi athanzi, khutirani ndi mawuwo.

Mukafika nako kunyumba, zengerezani katemera. Nenani kuti kagalu kokhala m'nyumba sikangatenge matenda. Kachilombo ka parvo, kamene kadafalikira dziko lonse kuyambira mu 1978, kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri ndipo kamalowa m'nyumba pa nsapato zanu. Kamapha tiagalu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi m'masiku ochepa. Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8 n'kumabwerezedwa kufikira masabata 16, choncho bayitsani kamodzi kokha muziti mwamaliza. Wa chiwewe, amene amaperekedwa pa masabata 12, muiwaleni, ngakhale mukukhala ku Blantyre kumene bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu mwaunyinji mu 2015 chifukwa ana ankafa ndi matendawa. Nkhupakupa zikagwira, sungunulani dibi ya ng'ombe mongoyerekeza n'kusambitsa kanyama kolemera makilogalamu 2.

Tsopano chakudya, ndipo apa mpomwe chikondi chimawononga kwambiri. Dachshund amadziwa kupempha. Amakhala pansi pa tebulo, maso ali pa dzanja lanu, ndipo ndi anthu ochepa amene amapirira. Musapirire. Mupatseni khungu la nkhuku, mafuta a nyama, chidutswa cha buledi wopaka majarini, mkute wa nsima wonyika mu msuzi wa anyezi. Aliyense m'nyumba azimupatsa chake osauzana. Musamuyeze pa sikelo. Dachshund wamng'ono sayenera kupitirira makilogalamu 5, wamkulu amakhala pakati pa 9 ndi 12, kotero kilogalamu imodzi yowonjezera pa wamng'onoyo ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a thupi lake lonse. Msana wake uli ngati mtanda wautali wogonekedwa pa mphanda ziwiri zotalikirana, ndipo mafuta onse a pamimba amalendewera pakati pa mtandawo tsiku lililonse. Galu wa thupi loyenera nthiti zake zimamveka mukasisita m'mbali osadinikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chimaoneka. Zimenezi zikasowa, muzinyadira kuti wanenepa bwino ndipo anthu aona kuti mumamusamala. Musaphunzirenso kuti chokoleti, mphesa, anyezi, adyo ndi mtedza wa makademiya ndi poizoni kwa galu, ndiponso kuti mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kukhala minga m'matumbo.

Pa nkhani ya kuyenda pali njira ziwiri zolakwitsira, ndipo yachiwiriyo ndi imene imakola anthu osamala. Yoyamba ndi yoonekeratu. Lolani ana azikanyamula pogwira m'khwapa, thupi lonse lili lendelende, m'malo moika dzanja limodzi pansi pa chifuwa ndi lina kumbuyo kuti msana ukhale wowongoka. Kasiyeni kazidumpha kuchoka m'manja mwa munthu woimirira kapena pa bedi lalitali kugwera pa simenti. Kathamangitseni mtunda wautali kali ndi miyezi 3, mafupa asanakhwime. Kasiyeni kaziterereka pa matailosi, zikhadabo zitatalika osawenga.

Njira yachiwiri imayamba mukamva za matenda a msana n'kugwidwa ndi mantha. Mukatero lekani kumuyendetsa. Muzimunyamula kulikonse, m'chikwama kapena pachifuwa, asaponde udzu, asathamange, asasewere ndi agalu anzake. Mu 2015 eni agalu a mtunduwu ku Britain adayankha mafunso a kafukufuku wotchedwa DachsLife, ndipo zotsatira zake zidaonetsa kuti agalu oyenda mphindi zosakwana 30 pa tsiku ankapezeka ndi IVDD kawirikawiri, pamene oyenda kupitirira ola limodzi ankapezeka nayo mochepa. Kafukufuku wofunsa anthu satsimikiza chimene chayambitsa chinzake, pakuti galu wodwala kale amayendanso pang'ono. Komabe ine ndimaona kuti nzeru yake ndi yomveka: chimene chimagwira msana wautali chotere ndi minofu, ndipo minofu imamangidwa ndi kuyenda kowonjezereka pang'onopang'ono pamene galu akukula. Galu wa alenje amene wasanduka katundu wa m'manja amakhala wonenepa, wofooka ndi wotopa ndi moyo, zonse pakamodzi.

Kunyamulidwa kosalekezako kumawononganso mtima wake. Kagalu kamaphunzira kuti dziko si loopsa m'masabata ake oyambirira, kufikira cha pa 12 kapena 14. Nthawi imeneyo kamafunika kuona anthu osiyanasiyana, ana, njinga, phokoso la galimoto, agalu akuluakulu ofatsa amene adabayidwa katemera. Inu katsekereni m'nyumba mpaka nthawiyo itadutsa. Kakayamba kuuwa alendo, sekani, poti n'kakang'ono. Kakalumako chidendene cha mlendo, kanyamuleni n'kukasisita. Mu 2008 akatswiri a ku University of Pennsylvania atafunsa eni agalu a mitundu yoposa 30, dachshund adali m'gulu lotsogola pa ukali kwa anthu achilendo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 5 adali atalumapo kapena kuyesa kuluma mlendo. Galu wotere nthawi zambiri amakhala wamantha amene sadaphunzitsidwe njira ina.

Za kukodza m'nyumba, dziwani kuti mtunduwu umachedwa kuphunzira ndipo umadana ndi mvula. Kagalu kamafunika kutulutsidwa kakangodzuka, kakangodya, kakangotha kusewera, ndi kuyamikiridwa pomwepo kakachita pamalo oyenera. Inu dikirani mpaka mutapeza mkodzo pa kapeti, kenako kakokereni pamenepo, kakhutizeni mphuno ndi kukamenya ndi patapata. Chimene kadzaphunzire n'chakuti kukodza inu mukuona n'koopsa, ndipo kadzayamba kubisala kuseri kwa sofa. Masiku oyamba musakasiye kokha ngakhale kwa mphindi 5, kenako tchuthi chikatha katsekereni tsiku lathunthu. Kulira kwake aneba ndiwo adzakuuzeni.

Kufula kapena kutseketsa kubereka ndi chinthu chabwino, makamaka kumene agalu oyendayenda achuluka, koma nthawi yake ndi yofunika kukambirana. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2018 adapeza kuti madachshund amene adachitidwa opaleshoniyi asanakwanitse miyezi 12 ankadwala msana kawirikawiri kuposa anzawo. Inu musafunse dokotala za zimenezi. Musasungenso ndalama ya tsiku loipa, ndipo ngati muli ku Britain kapena ku South Africa kumene kuli inshuwalansi ya ziweto, musailembetse, kapena tengani yotchipa osawerenga malire ake. Opaleshoni ya msana ku Britain imadya mapaundi masauzande angapo, ndipo inshuwalansi silipira matenda amene adayamba musanalembetse. Musafufuzenso, galu akadali bwino, kuti chipatala cha ziweto chotha kuchita opaleshoni yotere chili kuti ndiponso kuti usiku mungaimbire ndani.

Zambiri mwa zimene ndatchulazi zikhoza kukonzedwa. Galu wonenepa amatha kuchepa thupi, wamantha amatha kuphunzira. Chimene chikubwerachi ndicho chilibe pobwerera.

Tsiku lina madzulo galu wanu, amene tsopano ali ndi zaka 4 kapena 5, adzakana kukwera sitepe imene amakwera tsiku lililonse. Adzaima atapinda msana, mutu uli pansi, akunjenjemera, mimba ili gwa. Mukamunyamula adzalira. Nenani kuti wadya china chake chomupweteka m'mimba. M'mawa akayamba kudzandira, mapazi akumbuyo akupindikira pansi n'kumakhula zikhadabo, nenani kuti wabinya mwendo, muone mmene zikhalire mawa. Mupatseni ibuprofen kapena diclofenac wa m'kabati mwanu, mankhwala amene amatha kuboola chifu cha galu ndi kuwononga impso zake. Msisiteni msana mwamphamvu, mumukoke miyendo kuti awongoke, mumuyendetse kuti magazi ayende. Musamutsekere m'kakhola kakang'ono kuti asasunthe, ndipo musathamangire naye kwa dokotala wa ziweto. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa matendawa mawuwo amachitika monga momwe alili: galu amene dzulo ankangomva kuwawa, lero akukwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukokeka pansi, mkodzo ukungotuluka wokha.

Mukafika kuchipatala, dokotala adzatsina mwamphamvu chala cha phazi lakumbuyo n'kuyang'ana nkhope ya galuyo. Sakufuna kuona mwendo ukukokedwa, pakuti mwendo umatha kudzikoka wokha ubongo usanamve kanthu. Akufuna kuona galu akutembenuka, kulira kapena kufuna kuluma, chizindikiro choti uthenga wa ululu ukudutsabe pamalo povulalapo. Ngati ukudutsa, agalu oposa 9 mwa 10 amayendanso akachitidwa opaleshoni, ndipo ambiri amene akadali kuyenda amachira ndi mankhwala ndi kupumula kokha. Ngati ululu wasiya kumveka, amene amayendanso ndi opitirira theka pang'ono ngakhale atachitidwa opaleshoni, ndipo popanda opaleshoni ndi ochepa kwambiri. Mwa ena mtsempha uja umayamba kufa mokwera chakumutu mpaka kufika pa minofu yopumira, ndipo pamenepo palibe mankhwala. Pali agalu amene amafa miyendo m'maola ochepa mwini wake asanalakwitse kalikonse, ndipo mwini wotere sayenera kudziimba mlandu. Koma ambiri amapereka zizindikiro, ndipo kusiyana kwa agalu omva ululu ndi osamva aja kumatha kukhala usiku umodzi umene munthu adati tione mawa.

Galu akapulumuka, mpata wolakwitsa ulipobe. Dokotala adzanena kuti akhale m'kakhola kwa masabata osachepera 4, kutuluka pa chingwe kukadzithandiza basi, chifukwa chikopa cha disiki chong'ambikacho chimatenga nthawi kuti chipole. Pakatha masiku 5 mankhwala adzakhala atachotsa ululu, galu adzayamba kulira ndi kukanda chitseko, akugwedeza mchira. Mumvereni chisoni. Mutsegulireni, mumulole akwere pa sofa pambali panu. Ululu wapita koma bala lilipo, ndipo kudumpha kumodzi kumatha kutulutsa zotsala za disiki ija.

Ndipo ngati miyendo sibwerera, gamulani nokha tsiku lomwelo kuti moyo wake watha. Mutumizeni kumudzi kwa achibale amene sadamupemphe, kapena mumusiye kuseri kwa nyumba azidzikoka pa simenti mpaka mawondo atatuluka zilonda. Musafunse kuti galu wofa miyendo amasamalidwa bwanji. Nthawi zina kumugoneka tulo tosadzuka ndi chifundo chenicheni, makamaka ululu ukakanika kapena mtsempha ukamafa mokwera, ndipo chimenecho ndi chigamulo chopanga pamodzi ndi dokotala. Koma dachshund wopuwala amene sakumva ululu amadya, amauwa alendo, amathamangitsa nkhuku pa kanjinga ka matayala awiri komangirira m'chiuno, ndipo amatha kukhala zaka zambiri, pakuti mtunduwu umafika zaka 12 mpaka 16. Chimene amafuna ndi munthu wophunzira kufinya chikhodzodzo chake ndi manja katatu kapena kanayi pa tsiku kuti mkodzo usakhalitse n'kubweretsa matenda, womuyalira pofewa ndi pouma, woyang'ana khungu lake tsiku lililonse, ndi womulimbitsa miyendo monga momwe dokotala wasonyezera. Ena mwa agalu amene eni ake adapirira chonchi amayamba kuponda pansi patapita miyezi iwiri kapena itatu.